Star Trek ya 2009: filimu imene inagawa nthawi pawiri kuti nkhani yakale ipitirire

Pa 6 April 2009 anthu anadzaza holo yoonetsera mafilimu ya Alamo Drafthouse mumzinda wa Austin ku Texas. Anali atauzidwa kuti adzaonera filimu yakale ya 1982, Star Trek II: The Wrath of Khan, ndipo pamapeto pake alawitsidwa kachidutswa kochepa ka filimu yatsopano. Patangopita mphindi zochepa filimu yakaleyo itayamba, chithunzi chinaoneka ngati chapsa, zonse n'kuima. Kenako kutsogolo kunatulukira nkhalamba ya zaka 78, Leonard Nimoy, amene dziko linkamudziwa ngati Spock wa makutu osongoka uja. Anafunsa anthuwo ngati sangakonde kungoonera filimu yatsopanoyo yonse. Umo ndi momwe Star Trek yatsopano, yotsogozedwa ndi J.J. Abrams, inaonekera koyamba pagulu, patatsala mwezi wathunthu kuti itulutsidwe ku America pa 8 May.

Nimoy sanabwere kudzangokometsa mwambo. Amene anaonererapo kulonga ufumu akudziwa kuti mnyamata angakhale wanzeru chotani, ngati akuluakulu a mbumba sanamugwire dzanja n'kumuonetsa kwa anthu, mpandowo sukhazikika. Filimuyi inkatenga anthu asanu ndi awiri amene oonera anawazolowera kwa zaka zoposa 40 n'kuwapatsa nkhope zatsopano. Pankafunika mkulu woti avomereze. Ndipo Nimoy sanangovomereza ali panja, anali m'filimumo, ndipo nkhani yonse inamangidwa pa iye.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe ndi kumene zinachokera.

Star Trek anaiyambitsa Gene Roddenberry, munthu amene anayendetsapo ndege zankhondo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kenako ndege za Pan Am, kenako n'kukhala wapolisi ku Los Angeles asanayambe kulemba masewero a pa TV. Kampani ya Desilu, ya katswiri wa nthabwala Lucille Ball, ndi imene inaikapo ndalama. Gawo loyesera loyamba, lotchedwa The Cage, linali ndi kaputeni wina dzina lake Christopher Pike, ndipo wailesi ya NBC inalikana mu 1965 ponena kuti linkafuna kuganiza kwambiri. Dzina la Pike mulisunge, tikumana nalonso. NBC inalola kuti ayesenso kachiwiri, zimene sizinkachitika kawirikawiri, ndipo apa ndi pamene William Shatner analowa ngati Kaputeni James T. Kirk. Pa anthu a m'gawo loyamba lija, Spock yekha ndi amene anapitirira.

Seweroli linayamba kuonetsedwa pa 8 September 1966. Nkhani yake inali ya chombo cha Enterprise chimene chinatumidwa kukayenda zaka zisanu mumlengalenga, kufufuza maiko achilendo. Chimene chinkadabwitsa anthu nthawi imeneyo sichinali chombocho ayi, koma anthu okhala m'chipinda choyendetseramo. America inali pa udani waukulu ndi Soviet Union, koma m'chombomo munali mnyamata wa ku Russia, Chekov. Anthu akuda ku America ankamenyerabe ufulu wawo, koma woyang'anira mauthenga onse a chombocho anali mayi wakuda, Uhura, amene ankaseweredwa ndi Nichelle Nichols. Dzinalo linachokera ku liwu la Chiswahili lakuti uhuru, lomwe ndi ufulu wathu womwewu. Nichols anafuna kusiya ntchitoyo chaka choyamba chitatha, ndipo iye mwini ankasimba kuti Martin Luther King Jr. ndi amene anamupempha kuti asachoke. Mae Jemison, mayi wakuda woyamba kupita mumlengalenga mu 1992, anakula akuonera Uhura.

Koma oonera sanali ochuluka moti n'kukhutiritsa NBC. Makalata a anthu olikonda analipulumutsa kamodzi mu 1968, koma mu 1969 linathetsedwa litafika magawo 79. Gawo lomaliza linaonetsedwa mu June, ndipo mu July chaka chomwecho Neil Armstrong anaponda pamwezi. Moyo weniweni wa seweroli unayamba litafa kale, pamene mawailesi ang'onoang'ono anayamba kubwereza magawo aja tsiku ndi tsiku m'zaka za m'ma 1970. Pofika 1976 olikonda anali ndi mphamvu moti anachititsa kuti NASA, bungwe la America loona za mumlengalenga, itche chombo chake choyamba cha mtundu wa shuttle dzina lakuti Enterprise. Filimu yoyamba inabwera mu 1979. Mu 1987 kunabwera The Next Generation ya Patrick Stewart, kenako Deep Space Nine, Voyager ndi Enterprise, motsatizana ndiponso nthawi zina awiri pakamodzi, kwa zaka 18 osaduka.

Zonsezi zinadzatha mphamvu. Filimu ya 2002, Nemesis, inadya madola pafupifupi 60 miliyoni popanga, n'kubweza pafupifupi 67 miliyoni dziko lonse, yomwe kwa kampani ya mafilimu ndi kuluza chifukwa eni maholo amatengapo gawo lawo ndipo kutsatsa kumadyanso zake. Mu 2005 sewero la Enterprise linathetsedwa. Apo n'kuti pali magawo opitirira 700 ndi mafilimu 10, ndipo chilichonse chimene chinanenedwa m'menemo chinali ngati lamulo. Wolemba watsopano akanena kuti mtundu wakuti unakumana koyamba ndi anthu chaka chakuti, panali munthu wina penapake amene akukumbukira kuti gawo lina la 1967 linanena zosiyana, ndipo amalemba pa intaneti usiku womwewo. Munthu watsopano wofuna kuyamba kuonera ankaona ngati walowa pamaliro a kumudzi kwa eni ake, aliyense akudziwana ndi mnzake, iye yekha ndiye sakudziwa woti amupatse moni.

Vuto la kubwerera m'mbuyo

Njira yodziwikiratu inali kubwerera kwa Kirk ndi Spock, mayina amene ngakhale munthu wosaonerapo seweroli anawamvapo, n'kufotokoza momwe anakumanirana ali achinyamata. Filimu yotere pa Chingerezi amaitcha prequel: imapangidwa pambuyo, koma imasimba zimene zinachitika nkhani yodziwika kale ija isanayambe. Maganizowa sanali achilendo. Cha m'ma 1990 Harve Bennett, amene anapanga mafilimu angapo a Star Trek, anafuna kupanga filimu ya Kirk ndi Spock ali pasukulu ya Starfleet, gulu limene limayendetsa zombo za m'seweroli, koma kampani ya mafilimu ya Paramount sinapitirire nazo.

Prequel ili ndi matenda ake obadwa nawo. Agogo akamasimba nthano ya Kalulu imene munaimva kale kakhumi, mumasangalala ndi kasimbidwe, koma mtima sugunda pamene Kalulu wagwidwa mwendo, chifukwa mukudziwa kuti apulumuka. Oonera Star Trek ankadziwa kuti Kirk adzakalamba n'kufa m'filimu ya 1994, Generations. Ankadziwa kuti Spock adzafa m'filimu ya 1982 n'kuuka m'filimu ya 1984. Ankadziwa kuti pulaneti la Vulcan, kwawo kwa Spock, lidzakhalapobe zaka mazana kutsogolo. Ndiye mdani akaloza mfuti pamutu pa Kirk wachinyamata, ndani achite mantha? Sewero la Enterprise la 2001 linali prequel lomwe, ndipo linakhala zaka zinayi likukangana ndi oonera pa zinthu zimene sizinkagwirizana ndi zakale.

Njira ina inali kufufuta zonse n'kuyambiranso, monga anachitira ndi Batman mu 2005 ndi James Bond mu 2006. Koma kutero kukanakhala kuuza anthu amene anasunga Star Trek ndi makalata awo komanso ndalama zawo kwa zaka 40 kuti zonse zimene ankakonda zatayidwa kudzala.

Olemba awiri, Roberto Orci ndi Alex Kurtzman, anapeza njira yachitatu, ndipo apa ndi pamene pagona nzeru zonse za filimuyi.

Nkhani imayambira kutsogolo, mu chaka cha 2387, m'mbiri yakale yomwe ija imene oonera ankaidziwa. Spock ndi nkhalamba tsopano, kazembe. Nyenyezi ina ikuphulika, ndipo iye walonjeza kupulumutsa pulaneti la Romulus pogwiritsa ntchito chinthu chofiira chamadzimadzi chimene dontho lake limodzi limapanga black hole, dzenje la mumlengalenga limene limameza chilichonse ngakhale kuwala. Wafika mochedwa, Romulus yapsa. Nero, mkulu wa chombo chokumba miyala chotchedwa Narada, mkazi wake wafera pomwepo, ndipo mlandu akuuika pa Spock. Dzenje lija likumeza zombo zonse ziwiri n'kuzilavulira m'mbuyo. Narada ikutulukira mu 2233. Spock, amene analowa m'dzenjemo masekondi ochepa pambuyo pake, akutulukira mu 2258, patapita zaka 25.

Filimu imatsegula ndi tsiku limene Narada ikutulukira. Ikukumana ndi chombo chaching'ono cha USS Kelvin. Kaputeni wake, Robau, akuitanidwa kwa Nero n'kuphedwa. Wachiwiri wake, George Kirk, amene anaseweredwa ndi Chris Hemsworth asanatchuke ngati Thor, akutsala yekha m'chombomo kuti ena athawe, kuphatikizapo mkazi wake amene ali pa ululu wobereka. Akumva kulira kwa mwana kudzera pa wailesi, akugwirizana dzina ndi mkazi wake, kenako akugunditsa chombocho pa Narada. Penapake m'nkhondoyo khoma la chombo likubowoka, munthu mmodzi akukokedwera kunja, ndipo phokoso lonse likuzimiratu, chifukwa kopanda mpweya kulibe mawu. Mphindi khumi zoyambirirazi, kwa ine, ndi zimene zili zabwino koposa m'filimu yonse.

M'mbiri yakale bambo ake a Kirk anakhala ndi moyo mpaka kumuona mwana wawo akukhala kaputeni. Apa afa mwanayo ali ndi mphindi imodzi yakubadwa. Kuyambira tsiku limenelo nthawi yagawikana. Nthambi yakale ikupitirira monga inalili, magawo 700 aja palibe chawakhudza. Nthambi yatsopano yaphuka pambali, ndipo m'menemo palibe akudziwa za mawa. Pambuyo pake, mu 2016, nthambi imeneyi inapatsidwa dzina la Kelvin, kuchokera ku chombo chija, chimene Abrams anachitcha potengera dzina la agogo ake aamuna.

Pali njira ziwiri zimene olemba nthano za sayansi amaganizira za kubwerera m'nthawi. Yoyamba imati nthawi ili ngati tepi ya kaseti: ukabwerera n'kujambulapo zina, zakale zafufutika. Star Trek yakale inkakonda imeneyi. M'gawo lotchuka la 1967, The City on the Edge of Forever, Dokotala McCoy akubwerera ku zaka za m'ma 1930, akupulumutsa mayi mmodzi amene anayenera kufa, ndipo nthawi yomweyo Enterprise ndi boma lonse limene linaituma zikusowa ngati sizinakhalepo. Njira yachiwiri imati nthawi ili ngati mtsinje umene ukakumana ndi chilumba umagawikana, mbali zonse ziwiri n'kumayenderabe. Imeneyi ili ndi kachibale kake m'sayansi yeniyeni. Mu 1957 Hugh Everett III anapereka maganizo akuti pa tinthu tating'onoting'ono ta chilengedwe, chilichonse chimene chingathe kuchitika chimachitikadi, chilichonse m'nthambi yakeyake. Asayansi mpaka lero sanagwirizane za izi. Orci anatsamira pa maganizo amenewa pofotokozera oonera okwiya kuti Star Trek yawo ili bwinobwino. Mukafunsa chifukwa chimene ulendo wa McCoy unafufuta mbiri pomwe wa Nero unangoigawa, filimuyo siyankha. Inangosankha lamulo limene linkaithandiza.

Ndipo pofuna kutsimikizira oonera kuti sakuseka, olembawo anachita chinthu chimene prequel wamba sikanayerekeza. Pakati pa filimu Nero akubowola Vulcan mpaka pakati, akuponyamo dontho lija, ndipo pulaneti lonse la anthu 6 biliyoni likudzimeza lokha. Opulumuka ndi pafupifupi 10,000. Amayi ake a Spock, Amanda, amene anaseweredwa ndi Winona Ryder, akugwa thanthwe litagumuka pansi pa mapazi awo, patangotsala kamphindi kuti makina onyamula anthu awakokere m'chombo. Spock akufika m'chombomo dzanja lidakali lotambasula. M'mbiri yakale mayiwa anakhala ndi moyo mpaka ukalamba. Kuchokera pamenepo woonera aliyense, wakale ndi watsopano yemwe, ali pamalo amodzi.

Anthu akale m'matupi atsopano

Chris Pine sanayese kutsanzira kalankhulidwe kodukizadukiza ka Shatner, ndipo anachita bwino kutero. Kirk wake ndi mwana wamasiye wolongolola wa ku Iowa amene tikumupeza akumenyedwa m'bala, mpaka Kaputeni Pike, yemwe uja wa gawo lokanidwa la 1965, akumukhazika pansi n'kumukumbutsa kuti bambo ake anakhala kaputeni kwa mphindi 12 n'kupulumutsa anthu 800. Zachary Quinto anapatsidwa Spock amene mkwiyo wake uli pafupi kwambiri ndi khungu kusiyana ndi wa Nimoy. Karl Urban ndi amene anatsanzira kwenikweni, ndipo McCoy wake wodandaula nthawi zonse amachita kufanana ndi wa malemu DeForest Kelley mpaka kuchititsa nthumanzi. Uhura wa Zoe Saldaña anapatsidwa zochita zambiri kuposa kale, komanso kwa nthawi yoyamba pa kanema dzina lake loyamba linamveka: Nyota, nyenyezi pa Chiswahili. Abale athu Atumbuka akalimva angaganize kuti mayiyu ali ndi ludzu.

Kwa oonera akale anawabisira timphatso. M'filimu ya 1982 Kirk wachikulire akufotokoza momwe anabera mayeso a Kobayashi Maru, mayeso opangidwa dala kuti munthu asawapambane, ndipo akusimba uku akudya apulo. Mu 2009 tikuona tsiku lenilenilo, Kirk atakhala mwamatama pampando wa kaputeni, apulo ali m'manja. Mawu a kompyuta ya chombo ndi a Majel Barrett, mkazi wa Roddenberry, amene anawajambula atatsala pang'ono kumwalira mu December 2008. Koma Shatner sanapezeke. Kirk wake anali atafa kale m'nthambi yakale, ndipo kachigawo kamene olemba anamukonzera sikanajambulidwe. Iye sanabise kuti zinamuwawa.

Kumbali ya maonekedwe, Abrams ankafuna chombo chooneka ngati chikugwiradi ntchito. Chipinda cha injini anakachijambulira m'fakitale yofulula mowa wa Budweiser ku Van Nuys, California, ndipo mapaipi ndi mathanki amene mukuwaona ndi a mowa ndithu. Anthu ake ankaunikira dala tochi m'maso a kamera kuti chithunzi chizithwanima, chizolowezi chimene iye mwini anadzavomereza pambuyo pake kuti anapitirira nacho muyeso. Chithunzi chokongola cha Enterprise ikutuluka m'chifunga cha Titan, Saturn ali kumbuyo, chinabwera ndi thandizo la Carolyn Porco, wasayansi amene ankatsogolera gulu lojambula zithunzi la chombo chenicheni cha NASA chotchedwa Cassini.

Koma liwiro la filimuyi limabisa zambiri. Spock wachinyamata akutaya Kirk pa pulaneti la madzi oundana, Delta Vega. Pa pulaneti lonselo, Kirk pothawa chilombo akulowa m'phanga lenileni limene muli Spock wachikulire. Akuyenda pang'ono, akupeza Scotty, injiniya yekhayo amene angawabwezere m'chombo. Nyenyezi imodzi yophulika akuti inkaopseza mlalang'amba wonse, pomwe mlalang'amba wathu ndi wotambalala moti kuwala kumatenga zaka pafupifupi 100,000 kuti kuudutse. Ndipo Kirk, mwana wasukulu amene anali pa mlandu wobera mayeso, akupatsidwa chombo chapamwamba kwambiri cha gulu lonse patangopita masiku ochepa. Ngakhale kwathu kuno kumene timadandaula za kukwezana pa chibale, izi zikanafika m'nyuzipepala.

Dandaulo lalikulu la oonera akale linali lina. Star Trek ya pa TV inkakonda kuika anthu pa funso lovuta n'kuwasiya akangane: kodi n'koyenera kulowerera nkhondo ya anthu ena, kodi makina oganiza ali ndi ufulu. Filimu ya 2009 ilibe funso lotere. Ili ndi munthu wokwiya amene akufuna kubwezera, ndi achinyamata amene ayenera kuphunzira kugwirizana. Abrams sankabisa kuti ali mwana ankakonda Star Wars kuposa Star Trek, ndipo zikuoneka. Ine ndimaona kuti dandauloli ndi loona, komabe mafilimu a Star Trek, ngakhale akale aja, nthawi zambiri ankakhala a nkhondo ndi kuthamangitsana. Mafunso ankakhala pa TV, kumene kuli nthawi yokwanira yoti anthu akhale pansi n'kulankhula.

Pa ndalama zinayenda. Filimu inadya madola pafupifupi 150 miliyoni n'kubweza pafupifupi 385 miliyoni, kuposa filimu iliyonse ya Star Trek imene inabwera isanatuluke iyo. Inapikisana pa mphoto zinayi za Oscar n'kupambana imodzi, ya luso lodzoza ndi kuumba nkhope, yomwe inali Oscar yoyamba m'mbiri yonse ya Star Trek. Into Darkness ya 2013 inapeza zoposa pamenepo, koma inabwerezanso nkhani ya Khan, mdani wa m'filimu ya 1982 ija, ngati kuti olemba amene anadzigulira ufulu wopita kulikonse anasankha kubwerera pakhomo pomwe anachoka. Abrams anasamukira ku Star Wars. Nimoy anamwalira mu February 2015. Anton Yelchin, Chekov watsopano, anafa pangozi ya galimoto pakhomo pake mu June 2016 ali ndi zaka 27, patatsala mwezi umodzi kuti Beyond ituluke, ndipo filimu imeneyo sinabweze ndalama monga ankayembekezera.

Pali chinthu china cha m'maofesi chimene chimathandiza kumvetsa zonsezi. Kampani ya Viacom itagawikana kumayambiriro kwa 2006, ufulu wopanga Star Trek ya pa TV unapita ku CBS pomwe wa mafilimu unatsala ku Paramount. Nthambi ziwiri za nthawi zinakhala ngati zikutsatira malire a makampani awiriwo. CBS itabwezeretsa Star Trek pa TV mu 2017 ndi Discovery, motsogozedwa ndi Kurtzman yemwe uja, inabwerera ku nthambi yakale. Ndipo poti kuphulika kwa Romulus kunachitikira m'nthambi yakaleyo, sewero la 2020 lotchedwa Picard, lonena za kaputeni wa mu The Next Generation, linayambira pa zotsatira zake, othawa kwawo a ku Romulus ndi lonjezo lowathandiza limene silinakwaniritsidwe.

Mu 2022 kunabwera Strange New Worlds, prequel ina, ya zaka zimene Pike ankayendetsa Enterprise Kirk asanabwere. Imeneyi sinagawe nthawi. Oonera akudziwa kuyambira 1966 kuti Pike adzapsa pangozi populumutsa ana asukulu, n'kutsala pa njinga yomuphimba thupi lonse, osatha kulankhula, akuyankha ndi kanyali kamene kakathwanima kamodzi ndiye kuti inde, kawiri ndiye kuti ayi. Olemba anangomulola Pike wa Anson Mount kuti nayenso aone tsiku limenelo lisanafike. Akudziwa kuti zatsala zaka pafupifupi khumi, akudziwa mayina a ana amene adzawapulumutse, ndipo m'gawo loyamba tikumupeza ali kunyumba kwake ku Montana, ndevu zili pepeya, foni ikulira iye osaiyankha.